Mawu Asanavale Nsapato

Ntchito yanga n'kuveka anthu chipewa cha mawaya.
M'chipinda chapansi, pa msewu wa Sherbrooke,
chipale chofewa chitatseka zenera mpaka pakati,
ndimapatula tsitsi la wophunzira ndi kamtengo
n'kuthira phala lozizira pakhungu la mutu,
kabowo ndi kabowo, makumi asanu ndi limodzi kudza tinayi.
Amachita tsinya. Ndimati pepani, lichoka ndi madzi.

Kenako timazimitsa nyale n'kumuikira m'makutu
anthu amene sadzawaona:
mayi akuseka, bambo akubuula,
wina akulira osatchula dzina la womwalirayo,
wina akungodzuma, mano ali gwa.
Mulibe Chifalansa, mulibe Chingerezi.
Koma pa galasi la kompyuta mzere umadumpha
chikope chisanaphethire,
ngati chala chakhudza mphika wamoto.
Dokotala Vaillancourt amaloza ndi cholembera:
taonani, wamva kale uyu,
mawu akadali kumanga zingwe za nsapato.
Kuseka kumafika msanga n'kudutsa.
Mkwiyo ukalowa umakhala pansi,
ubongo n'kumauyang'anitsitsa ngati galu wa eni
amene sunadziwe ngati amaluma.

Ndimalemba manambala. Ndimachapa chipewa.
Ndimakwera basi ya ku Verdun.

Bambo anga, a Réjean, zaka makumi atatu
ankaitana matakisi pa wailesi usiku,
pakamwa posapuma, misewu yonse ya mzinda ili pa lilime.
Mu Novembala mtsempha unaphulika kumanzere kwa mutu
ndipo misewu ija inasamuka usiku umodzi.
Latsala liwu limodzi, "bon",
loitanira supuni, mphaka, ine, ngakhale Mulungu.

Achipatala anatipatsa makadi a zithunzi:
kapu, bedi, chimbudzi, nkhope yomwetulira.
Amawakankhira pansi ndi dzanja lamoyo lija.

Koma ndikaponya chikwama pampando n'kuusa moyo,
ndisanavule n'komwe jekete,
mutu wawo watembenuka kale.
Amatulutsa kaphokoso kakummero, kokwera kumapeto,
komwe kaja ankandifunsira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri
nditabwera ndi bondo losupuka: wakutani ndani?
Ndimayankha ndi mphuno basi.
Iwo: haaa.
Takambirana. Abwana atukwanidwa, mlandu watha.

Lachiwiri lapitali kunabwera azakhali a Ghislaine
ndi mawu odzaza thumba:
mukuoneka bwino achimwene, muchira posachedwa.
Mawuwo anali ochapa, ositasita,
koma pansi pake mmero unkanjenjemera,
ndipo bambo anamva mmerowo.
Msozi unatsika diso limodzi lokha.
Azakhali anandiyang'ana: ndalakwa chiyani ine?
Ndikanawauza za mzere uja wa pa kompyuta,
koma ndinadzuka kukatereka tiyi.

Nthawi zina usiku ndimaganiza zowaveka chipewa changa
ndione pamene kuseka kwanga kumatera mwa iwo,
kaya m'mphepete mwa bala, kaya kutsidya.
Sindidzatero. Phala lija n'lozizira
ndipo tsitsi lawo latsala lowerengeka.

Dzulo mphaka anaterereka pamwamba pa firiji
n'kugwera khuvu m'mbale ya supu wa nsawawa.
Anayamba ndani, ine kapena iwo, sindikudziwa,
tinangoti phwete tonse awiri,
kuseka kwakale kuja kwa pa wailesi ya matakisi,
kothera m'chifuwa,
kosapunduka mbali iliyonse.
Titatopa anapukuta pakamwa ndi mkono nati, "bon."
Ulendo uno linali liwu loyenera.